Mboni imene inali m'kafoni ka amayi

Mawu amene ndinamuuza mng'ono wanga tsiku limenelo anali ochepa, ndipo ndimawakumbukirabe onse. Ndinati, "Foniyo ikakupeza, uchotsemo akaunti yanga, uikemo yako." Ndinali nditagula foni ina kuno ku Lilongwe, ndipo yakaleyo ndinapatsira mnzanga amene ankapita ku Zomba kuti akamusiyire, popeza yake inali itasweka galasi pa nthawi imene maphunziro ake ankafuna foni tsiku lililonse. Madzulo a tsiku lotsatira anandiimbira n'kunena kuti, "Achimwene, ikufuna pasiwedi yanu." Ine ndinali m'minibasi pobwerera kunyumba, phokoso lili ponseponse, ndipo ndinangomulembera pasiwediyo osafunsa n'komwe kuti foniyo ikuifuniranji. Kutacha, foni yanga yatsopano inali itasiya kulandira maimelo, zithunzi sizinkatsegukanso, ndipo nditayesa kulowa pa kompyuta ya kuntchito ndinapeza uthenga wondiuza kuti akauntiyo inafufutidwa.

Mng'ono wangayo sanalakwe, ndipo kampani imene inkatisungira zinthuzo sinalakwenso, n'chifukwa chake dzina lake silofunika m'nkhaniyi. Iye anachita zimene ndinamutuma. M'Chichewa mawu akuti kuchotsa amanyamula zinthu ziwiri zimene mafoni amazisiyanitsa m'Chingerezi. Pali remove, kumene ndi kutulutsa akaunti m'foni imodzi yokha akauntiyo n'kukhalapobe, ndiye pali delete, kumene ndi kuifafaniza kulikonse kumene ili. Choyambacho chili ngati kusamutsa katundu m'nyumba ya lendi, pamene chachiwiricho chili ngati kuunjika katunduyo pabwalo n'kumuyatsa moto. Mng'ono wanga anafufuza pa intaneti mmene amachotsera akaunti, anatsatira mosamala malangizo amene anapeza, anachonga timabokosi tovomereza kuti akudziwa chimene akuchita, ndipo pasiwedi imene inayenera kukhala chotchinga chomaliza ndinamupatsa ndine.

Akanakhala maimelo okha amene anapita, sindikanavutika kulemba zonsezi. M'akauntimo munali zinthu zimene zinalibenso kwina. Bambo athu asanatisiye ndinakhala nawo masiku angapo kunyumba ku Blantyre, ndipo madzulo aliwonse ndinkawajambula mawu akufotokoza mbiri ya banja lathu: kumene agogo anachokera, mayina a makolo amene ife ana sitinawaone, malire a munda wa kumudzi ndiponso anthu amene analipo pamene mundawo unkaperekedwa. Pa ulendo womwewo ndinajambulanso ndi foni zithunzi zonse za mu alubamu ya amayi, chimodzichimodzi, kuyambira za pa ukwati wawo mpaka za ubatizo wa ife ana. Kenaka mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagwetsa mvula ya masiku angapo m'chigawo cha kummwera, madzi ndi matope ochokera kuphiri la Soche anasesa nyumba zambiri ku Chilobwe. Amayi anapulumuka, ndipo pa chimenechi timathokoza Mulungu mpaka lero, koma alubamu ija pamodzi ndi chikwama cha makalata zinasanduka phala. Kuyambira pamenepo nkhope ya bambo ali mnyamata ndiponso mawu awo zinatsala malo amodzi okha padziko lonse, ndipo malowo ndi amene anali atangofufutidwa, ife tili mkati mokonzekera mwambo wa chiliza chawo.

Ambiri a ife timangoti zinthu zili pa cloud, ndipo dzinali, limene tanthauzo lake ndi mtambo, limatipangitsa kuganiza kuti zinthuzo zili m'mwamba penapake pamene palibe chingazikhudze. Zoona zake n'zakuti zili m'makompyuta akuluakulu otchedwa maseva, amene ali m'nyumba za makampani m'mayiko ena, ndipo ife tinangopatsidwa kachipinda ndi kiyi. Google imapereka malo aulere okwana 15 GB amene amagawidwa pakati pa Gmail, Drive ndi Photos, Microsoft imapereka 5 GB pa OneDrive, Apple nayonso 5 GB pa iCloud, ndipo Dropbox imapereka 2 GB. Popeza malowa sitilipira, timaiwala kuti tili m'nyumba ya eni, ndiponso kuti eni akewo ali ndi malamulo okhudza zimene zimachitika munthu akanena kuti akutuluka.

Malamulo amenewa ndi amene ndinakhala ndikuwerenga m'mawa umenewo, ntchito ili poteropo, ndipo ndi amene anandipatsa kachiyembekezo. Akaunti ikafufutidwa, nthawi zambiri zinthu zake sizitheratu pompo. Choyamba chimene chimachitika ndi kutseka chitseko, ndipo kufafaniza kwenikweni m'maseva kumabwera pang'onopang'ono pambuyo pake. Google imafotokoza kuti ntchito yofafaniza zinthu m'makompyuta ake imatenga pafupifupi miyezi iwiri, ndipo imanena kuti akaunti imene yangofufutidwa kumene ikhoza kubwezedwa, koma silonjeza chiwerengero cha masiku amene mwayiwo umakhalapo. Microsoft imamufunsa munthu amene akutseka akaunti kuti asankhe kudikira masiku 30 kapena 60, ndipo akalowanso mkati mwa masikuwo akauntiyo imatsegukanso. Amene ali ndi akaunti ya kuntchito kapena ya kusukulu ya Google Workspace ali ndi masiku 20 oti woyang'anira makompyuta wa pamalopo awabwezere. Dropbox imachenjezeratu kuti munthu akafufuta akaunti yake ndiye kuti wafufutiratu. Kusiyana kumeneku n'kwakukulu, ndipo ndimaona kuti aliyense ayenera kudziwa lamulo la kumene iye amasungako zinthu tsoka lisanamugwere, chifukwa tsiku la tsokalo mutu sugwira bwino. Chimene chili chofanana kulikonse n'chakuti madzi amene atayikawa amaoleka kwa kanthawi kochepa chabe, ndipo tsiku lililonse lodutsa limachepetsa mwayi.

Ndinatsegula tsamba lobwezeretsera akaunti n'kulemba adiresi ya imelo yanga. Linandifunsa pasiwedi yomaliza imene ndinkaikumbukira, ndipo imeneyo ndinali nayo. Ndinaganiza kuti basi zatheka, koma linapitiriza kunena kuti likufuna kutsimikiza kuti ndine mwini wake, ndipo litumiza manambala achinsinsi ku nambala ya foni imene inalembedwa pa akauntiyo. Nambalayo anaibisa, n'kungoonetsa manambala awiri akumapeto, ndipo manambala awiriwo sanali a foni imene ndinali nayo m'manja. Nditasankha njira ina, linati litumiza uthenga ku imelo yachiwiri, imene ndinaitsegula ndili ku koleji ndipo ndinali ndisanailowemo kwa zaka zambiri, moti pasiwedi yake inali itachokeratu m'mutu. Nditalephera zonse ziwiri, tsambalo linandiyankha mwaulemu kuti silinathe kutsimikiza kuti akauntiyo ndi yanga.

Yankho limenelo linandipweteka kuposa uthenga woyamba uja. M'akauntimo munali nkhope yanga kambirimbiri, munali dzina langa, makalata anga ndi mawu a bambo anga, koma zonsezi sizikanandichitira umboni. Nditakhala pansi ndinazindikira kuti nkhaniyi si yachilendo kwenikweni kwa munthu wokulira kwathu kuno. Pakabuka mkangano wa munda, mfumu siifunsa kuti ndani akuukonda kwambiri mundawo kapena ndani akulira mokweza. Imafunsa kuti pamene malowa ankaperekedwa panali ndani, ndipo amene alibe mboni mlandu umamuvuta ngakhale akunena zoona. Makina a makampaniwa amaweruzanso chimodzimodzi, kungoti mboni zawo si anthu. Mboni zawo ndi nambala ya foni imene unalembetsa, imelo yachiwiri, pasiwedi zakale, foni kapena kompyuta imene unkalowera nthawi zonse, ndiponso dera limene unkakonda kulowerako. Mboni zimenezi umaziika wekha pa tsiku lotsegula akaunti, nthawi zambiri mothamanga, mwina wogulitsa foni ataima pambali akudikira kuti umalize, ndipo sudzazikumbukiranso mpaka tsiku la mlandu. Ndipo sindinganene kuti kuuma mtima kwa makinawo n'kolakwika, chifukwa akanakhala kuti amatsegulira aliyense wodziwa kudandaula, akuba akanalowa m'maakaunti athu tsiku lililonse.

Akubawo sanachedwe kundipeza. Nditafunsa nzeru pa gulu lina la WhatsApp, munthu amene sindinkamudziwa anandilembera kumbali kuti ali ndi mnzake wa mkati amene angabweze akauntiyo tsiku lomwelo ndikatumiza ndalama pa foni pamodzi ndi pasiwedi. Ndikuvomereza kuti ndinauyang'ana uthengawo nthawi yaitali, chifukwa munthu amene akumira amagwira ngakhale udzu. Koma panalibe chimene munthu ameneyo akanachita choposa chimene ine ndikanachita pa tsamba lija. Google imanena poyera kuti palibe nambala imene munthu angaimbe kuti athandizidwe kulowa mu akaunti yake, ndiponso kuti sigwira ntchito ndi aliyense amene amadzitcha wothandiza pa nkhani za pasiwedi. Amene wataya akaunti n'kupita kwa anthu oterewa amatayanso ndalama, ndipo amawapatsa pasiwedi imene mwina amaigwiritsanso ntchito kwina.

Usiku wa tsiku lachiwiri ndinakhala ndi manambala awiri aja, n'kuyamba kuyang'ana mayina onse a m'foni mwanga limodzi ndi limodzi kuti ndione nambala imene ikuthera choncho. Ndinaipeza pa dzina limene ndimaliimbira Lamulungu lililonse. Inali nambala ya amayi. Apo m'pamene ndinakumbukira kuti simukhadi imeneyo inali yanga yoyamba, imene ndinagula nditangobwera m'tauni, ndipo ndi imene ndinatsegulira akauntiyo. Patapita zaka ndinawagulira amayi kafoni ka mabatani n'kuwaikiramo simukhadiyo kuti abale asavutike kusunga nambala ina, ndipo mu 2018, pamene bungwe la boma loyang'anira za mafoni la MACRA linalamula kuti manambala onse alembetsedwe, tinailembetsa m'dzina lawo ndi chiphaso chawo cha unzika. Ndinali ndi mwayi umene ambiri sakhala nawo. Nambala ikakhala nthawi yaitali osagwira ntchito, makampani a mafoni amaitseka ndipo pambuyo pake amaipereka kwa munthu wina, moti pali anthu ambiri amene mboni ya akaunti yawo ili m'thumba la mlendo amene sadzakumana naye. Yanga inali yamoyo, ndipo inali m'manja mwa munthu amene anandibereka.

Ndinawaimbira m'mamawa. Nditawapatsa moni n'kufunsa mmene adzukira, ndinati, "Amayi, pa foni yanupo pabwera uthenga wa manambala, ndiye ndikupempha kuti mundiwerengere." Anakhala chete pang'ono, kenaka anati, "Iwe, si iwe wemwe unandiuza kuti manambala obwera pa foni ndisamauze munthu?" Ndinavomera kuti ndinaterodi, n'kufotokoza kuti ulendo uno ndine amene ndawaitanitsa. Anandiyankha kuti, "Mawuwo ndawamva kuti ndi ako, mwanawe, koma timalemba ta m'kafoni aka maso anga satiwerenganso. Ndipo kupatsa mwana wa eni kuti azitsegula mauthenga anga sindingayerekeze, chifukwa ndalama zimene mumanditumizira zimafikira momwemu. Ngati nkhaniyo ndi yaikulu, bwera." Sindinawakakamize. Anthu oimba mafoni monamizira kuti atumiza ndalama molakwika kapena kuti munthu wapambana mphoto avutitsa okalamba ambiri m'dziko muno, ndipo ndikanakhala wopanda nzeru kugwetsa ndi manja anga mpanda umene ndinawathandiza kumanga. Sindinawauzenso chimene chinali pangozi, chifukwa sindinafune kuti alire kawiri maliro a zithunzi zomwezo.

Tsiku limenelo ndinadziletsa kuyesanso tsamba lija, chifukwa munthu akamaitanitsa manambala mobwerezabwereza n'kumalephera, makinawo amayamba kumukayikira ndipo amamuuza kuti adikire. Kuona maso a nkhono n'kudekha, koma kudekha kwa tsiku limenelo kunali kowawa, popeza ndinkadziwa kuti nthawi ikutha kwinakwake kumene sindikanaiona. Loweruka m'mbandakucha ndinakwera basi, nditanyamula laputopu yanga yakale imene ndakhala ndikulowera m'akauntiyo kwa zaka, chifukwa malangizo a makampaniwa amati munthu ayesere pa chipangizo chimene akauntiyo inachizolowera. Za ulendowo sindikumbukira zambiri. Ndikudziwa kuti tinadutsa Dedza, Ntcheu ndi Zalewa, ndiponso kuti nditatsika pa Wenela ndinagula bandulo ya intaneti ndisanagule ngakhale madzi.

Ndinapeza magetsi atazima, ndipo kafoni ka amayi kanali katatsala ndi moto wochepa. Tinakhala pakhonde, ine laputopu pamiyendo, iwo kafoni m'manja, chifukwa ngakhale ndinali pompo anafuna kuti akagwire okha mpaka uthengawo ufike. Ndinalumikiza laputopuyo ku intaneti ya foni yanga, n'kulemba adiresi, kenaka pasiwedi yomaliza, n'kudina batani loitanitsa manambala. Panapita kanthawi kamene kwa ine kanali kotalika, kenaka kafoni kaja kanalira. Amayi anandipatsira ndi manja awiri, ndipo munali manambala asanu ndi limodzi. Nditawalemba, tsambalo linandiuza kuti ndisankhe pasiwedi yatsopano, ndipo nditatero chitseko chinatseguka. Maimelo anaoneka choyamba. Zithunzi zinachedwerapo, timabokosi totuwa tikudzaza pang'onopang'ono malinga ndi mphamvu ya netiweki, mpaka panatulukira bambo atavala suti ya pa ukwati, tsitsi atalipesa mzere, ataima pambali pa mtsikana amene tsopano anali atakhala pafupi nane akufunsa kuti kodi zatheka.

Sizonse zimene zinabwerera, ndipo ndi bwino kunena zimenezi kuti wina asaganize kuti kubweza akaunti n'kubweza nthawi. Maimelo amene anthu ananditumizira m'masiku amene akauntiyo inali yotseka sanafike, anabwerera kwa eni ake, ndipo ena mwa iwo anaganiza kuti ndinasintha adiresi. Mafayilo amene ndinali nditawataya ndekha m'bini miyezi ya m'mbuyo pofuna kupeza malo sanapezekenso, chifukwa bini ya malo oterewa imadzikhuthula yokha, ndipo pa Google Drive, mwachitsanzo, imatero pakatha masiku 30. Pakati pa mafayilo amenewo panali kavidiyo ka bambo akuseka ndi adzukulu, kamene ndinakataya poganiza kuti kalinso kwina. Kameneko kanapita, ndipo palibe tsamba limene lingakabweze.

Ndisanadzuke pakhondepo ndinaimbira mng'ono wanga, amene anali asanagone bwino masiku onsewo, kuti mtima wake ukhale pansi. Kenaka ndinayamba kukonza mboni zanga. Ndinaika nambala yanga ya tsopano, ndinachotsa imelo ya ku koleji n'kuika imene ndimatsegula tsiku lililonse, ndipo ndinalemba papepala manambala apadera amene munthu amalowera nawo foni ikatayika. Google imapereka manambala oterewa khumi nthawi imodzi, iliyonse yogwira ntchito kamodzi kokha, ndipo pepala lake liyenera kusungidwa pamene timasunga ziphaso ndi masatifiketi. Ntchito yaikulu inali yokopera zinthu zonse kuti zikhalenso m'manja mwanga. Makampani akuluakulu ali ndi njira yochitira zimenezi, ndipo ya Google imatchedwa Takeout, koma kwa ife amene intaneti timagula ya bandulo, ntchitoyi imafuna ndalama ndi kuleza mtima. Zinanditengera mausiku angapo. Tsopano mawu a bambo ndi zithunzi zija zili pa intaneti, zili pa hadi disiki kunyumba kwanga, ndipo zilinso pa fulashi imene ili kwa achemwali anga, kuti moto kapena madzi zikalowa nyumba imodzi, inayo itsale. Zithunzi za mu alubamu ndinakazitsukitsanso papepala, chifukwa amayi safuna pasiwedi kuti atsegule alubamu.

Pali njira inanso imene akaunti imatayikira popanda munthu kudina kalikonse, ndipo imandidetsa nkhawa kwambiri ndikaganiza za mabanja amene ataya okondedwa awo. Mu Meyi 2023 Google inalengeza kuti akaunti imene yakhala zaka ziwiri osagwiritsidwa ntchito ikhoza kufufutidwa pamodzi ndi zonse zili mkati, kuyambira mu Disembala chaka chomwecho. Machenjezo amatumizidwa kangapo zisanachitike, koma amapita ku imelo yomweyo ndi ku imelo yachiwiri ija, kumene nthawi zambiri kulibe amene akuwerenga. Munthu akamwalira timagawana zovala, timakambirana za nyumba ndi munda, foni timapatsa mwana wina amene amaipukuta yonse n'kuyamba kuigwiritsa ntchito, ndipo palibe amene amafunsa za zithunzi za zaka khumi zimene zili m'akaunti ya malemuyo. Pofika nthawi imene wina akufuna chithunzi cha pa chiliza, zaka ziwiri zija zikhoza kukhala zitakwana ndipo nambala ya malemuyo ili kale ndi munthu wina. Google ili ndi dongosolo lotchedwa Inactive Account Manager, limene limalola munthu kusankhiratu anthu odalirika, mpaka khumi, oti adzapatsidwe zinthu zake akaunti ikadzakhala chete kwa miyezi imene iye wasankha. Kwathu kuno kukonzekera imfa kumaoneka ngati kuiitana, ndipo ndikumvetsa amene amazengereza, koma bambo anga anakhala nane madzulo angapo akunditchulira malire a munda pa chifukwa chomwechi, ndipo palibe amene anawanena kuti akulosera zoipa.

Usiku wa Loweruka limenelo magetsi atayaka, ndinawauza amayi zonse, kuyambira pa mawu aja a m'minibasi. Sanandikalipire. Anangofunsa ngati mawu a bambo nawonso abwerera, ndipo nditavomera anati ndiwatsegulire. Anali asanawamvepo chijambulireni. Tinamvetsera bambo akutsokomola, akuseka, kenaka akuyamba kufotokoza za munda wa kumudzi, kuti malire ake amayambira pa chulu n'kutsetsereka mpaka pa mtengo wa mbawa umene uli m'mbali mwa khwawa. Atafika pamenepo amayi anakweza dzanja kuti ndiimitse. Anati, "Apa bambo ako anasokoneza. Mbawa ija inagwa kalekale iwe usanabadwe, umene ulipo ndi mkuyu, ndipo amene anaudzala ndi malume awo." Anakonza chitenje, n'kusendeza mpando kufupi ndi tebulo, ndipo anandiuza kuti ndiyatse chojambulira mawu chija kuti afotokoze bwinobwino kuyambira pa chulu.